Botolo la Mvula kwa Che Nasoro

Ku Matawale, mumzinda wa Zomba, munthu woumba njerwa amakondedwa chilimwe chonse. Aliyense amene akumanga kanyumba ka lendi amamupatsa moni akadali patali, ena mpaka kumutchula kuti bwana. Koma Novembala akangopendeka kumwamba kuli ngwee, moni uja amayamba kufupika. Disembala akalowa popanda dontho, anthu omwe aja amakumbukira mwadzidzidzi kuti oumba njerwa amamanga mvula. Palibe amene anaonapo chingwe chake. Koma tayesani kufunsa umboni kwa munthu amene chimanga chake chapserera m'mizere, muone ngati mungabwereko mano ali onse.

Che Nasoro anayamba kuumba njerwa m'deralo mbali yaikulu ikadali minda, ndipo nkhani yomanga mvulayi anali ataimva kambirimbiri osailabadira. Anali bambo wamfupi, wa zikhatho zokhakhala, wosaphonya swala kumzikiti, koma anali ndi nthenda imodzi yosachiritsika, ndiyo mwana wawo wamkazi Warda. Mukawafunsa za njerwa, yankho linkayamba ladzera ku Chirunga, kuyunivesite kumene Warda ankaphunzira zanyengo m'chaka chake chomaliza. Anzawo akumzikiti anali atatopa nazo. Wina akangolakwitsa n'kunena kuti kwatentha lero, anzake ankamutsina, podziwa kuti wawatsegulira Che Nasoro chitseko ndipo kunyumba afika mochedwa.

Chaka chapitacho Warda anabwera pakhomo ndi chitini chachitsulo chotalika ngati mkono, pamwamba pake pali kukamwa kwa fanulo, m'kati mwake muli botolo. Anachikhazika pakati pa bwalo, kutali ndi denga komanso mtengo wa mango, n'kuchitchinga ndi timitengo kuti mbuzi zisachigunde. Chinali choyezera mvula. China chonga chomwecho anakachiika pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo chachitatu chinali kumunsi, cha kunyanja ya Chilwa. Kafukufuku wake anali woona momwe mvula imasiyanirana kuchokera paphiri, kutsikira m'tauni, mpaka kuchigwa, kwa madzinja awiri otsatizana, chitini chilichonse chili pamalo pake pomwepo. Chimodzi chikanazulidwa ntchito ili pakati, zonse zikanakhala zoyambiranso, ndipo anzake akanavala mikanjo ya digiri iye akungowaombera m'manja.

M'mawa uliwonse asanapite kukalasi, Warda ankatsegula chitinicho, kutulutsa botolo, kulipendeketsa pa kagalasi ka manambala, n'kulemba pafoni. Ankatero kaya m'botolomo muli madzi kaya mulibe.

"Tsiku lopanda mvula nalonso limalembedwa, ababa," ankawauza bambo ake, amene ankaima pambali manja ali kumbuyo ngati kapitawo.

Tsopano taganizani nokha. Kumwamba kwauma gwa, bambo ali kalikiliki kuumba njerwa, mwana akusuzumira m'botolo lopanda kanthu m'mawa uliwonse n'kulitsekeranso bwinobwino m'chitini. Anthu a ku Matawale si opusa ayi, amatha kuphatikiza zinthu. Vuto lawo n'loti akaphatikiza safunsanso.

Chaka cha nkhani yathuyi chizimalupsa, mvula ija imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire, inagwa yamphamvu kumapeto kwa Okutobala n'kupusitsa anthu. Amanja oyabwa anabzala. Mmodzi mwa iwo anali mayi Rute, mayi wamasiye woyandikana nyumba ndi Che Nasoro, amene ankalima kamunda ka lendi m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Chimanga chinamera mokongola, chinafota, kenako chinapserera, ndipo mbewu yonse inathera pomwepo. Che Nasoro ataona kuti kumwamba kulibe nkhani, anaumba njerwa zina za uvuni womaliza, woti udyetse banja dzinja lonse. Njerwazo zinangoti mbwee pabwalo, mizere mizere, zikuuma mokoma pamene minda ya anzawo inkauma mowawa.

Chomwe chinkapweteka kwambiri chinali phiri. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pake mpaka kuda bii, mabingu n'kumamveka, mvula n'kumaoneka ikukhuthuka kumeneko. Nthawi zina fungo lake linkafika ndithu, amayi n'kuthamangira kukanula zovala, koma chofika pa Matawale linali fumbi lokha.

"Ikumatsika phiri, ikafika m'tauni n'kubwerera," anthu ankatero pampopi. "Ikuona chiyani kuno?"

Posakhalitsa mayi Maliya, akazi awo a Che Nasoro, anayamba kuona kuti akafika pampopipo macheza akumatha. Ana a anthu analeka kubwera kudzatola mango. Che Nasoro ankati alibe nazo ntchito, koma mtima unkawawa, chifukwa ambiri mwa anthuwo ankagona m'nyumba za njerwa zawo zomwe. Choncho Loweruka lina, atamva kuti Warda akukwera phiri kukaona chitini chake cha kumeneko, anavala nsapato n'kunena kuti apita nawo. Moyo wawo wonse ankakwera phirilo pokangogula nkhuni za uvuni, maso ali pansi. Tsikulo ankafuna akaone kumene mvula inkathera.

Anadzera njira ya mbatata, ija amatsikira anthu osenza nkhuni ndi mbatatesi. Ananyamuka thukuta lili kamukamu, koma pofika m'mitengo ya paini Che Nasoro anali akukumbatira mapewa awo. Warda anawapatsa juzi yake, ndipo anaivala ngakhale inali ya maluwa.

"Tandiuze, mwanangu," anatero akupuma pamwala. "Dzuwa si lomwe lija talisiya kunyumba? Ndipotu kuno taliyandikira. Nanga kuzizira kukuchokera kuti?"

"Dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, ababa, kenako nthakayo ndi imene imatenthetsa mpweya. Ndiye kotentha kwambiri n'kumunsi. Mpweya ukamakwera umamasuka n'kumazizira. Mukamakwera phiri mukuthawa moto, simukuuyandikira ayi."

Chitini cha paphiri chinali pakhomo pa mayi Ella, ogulitsa magalagadeya ndi mabulosi kwa alendo, amene ankachiwerenga m'mawa uliwonse n'kumutumizira Warda pafoni. Dimba lawo linali lobiriwira mochititsa manyazi. Pamene Che Nasoro anawauza kuti kumunsi nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, mayiwo anaseka n'kunena kuti iwo sabata yonse akhala akuyanika zovala m'nyumba.

Kuchoka apo Warda anawatengera bambo ake m'mphepete mwa phompho. Tauni yonse inali pansi pa mapazi awo. Malata a ku Matawale ankanyezimira, kupitirira apo chigwa chinali chofiira, ndipo kutali nyanja ya Chilwa inkaoneka yofwapa, itathawa magombe ake. Pansi pawo penipeni nkhungu inali kukwawa pathanthwe, ikukwera molunjika pamene anaima.

"Ababa, njerwa zanu zikamauma, madzi ake amapita kuti?" Warda anafunsa.

"Amauma basi."

"Sathera pomwepo ayi. Amasanduka nthunzi n'kukwera. Chimodzimodzi madzi a m'Chilwa umo, ndi a nyanja yaikulu ya mchere kuseri kwa Mozambiki. Mphepo imanyamula nthunziyo, ikafika pano imapeza phiri laima panjira, ndiye imakakamizika kukwera. Ikakwera imazizira, ndipo mpweya wozizira sutha kusunga nthunzi yambiri. Mukudziwa mmene botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta? Thukuta limenelo ndiye mtambo ukubwera apowu."

"Ndiye kuti phirili likutibera?"

"Silikuba, likungokama yake. Yathu yakumunsi, yobzalira ija, imabwera mphepo ya mpoto yochokera ku Kongo ikakumana ndi yochokera kunyanja ya mchere. Chaka chino zachedwa kukumana chifukwa nyanja ina, kutali kuseri kwa dziko, yatentha kuposa masiku onse. Ndi Elinino uja mumamumva pawailesi."

Nkhungu ija inawapeza n'kuwakuta, timadontho tikukhala pandevu za Che Nasoro. Anatambasula dzanja ngati akufuna kuigwira, kenako anaphulika kuseka.

"Ndiye madzi a njerwa zanga amakwera kukathandiza mitambo? Anthu akuti ndikumanga mvula, chikhalirecho ndikusonkha nawo!"

Potsika Warda anawafotokozeranso chifukwa chimene chitini sichiyenera kusuntha. Zoti lero kwatentha, mawa kwagwa mvula, ndi nyengo ya tsiku, yosinthasintha. Koma malo aliwonse ali ndi khalidwe lake, ndipo khalidwelo umalidziwa ukayeza pamalo amodzimodzi nthawi yaitali. Phiri khalidwe lake ndi lonyowa, chigwa cha Chilwa ndi louma, Matawale ali pakati. Che Nasoro anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo akuzimva, pakuti ngakhale munthu sumudziwa tsiku limodzi. Anatsika phiri chifuwa chili patsogolo, akubwereza mawu aja chamumtima kuti akawatule bwino kumzikiti.

Sanafunike kudikira kumzikiti. Atangokhota pangodya ya nyumba yawo anapeza bwalo ladzaza anthu, ataima m'mipata ya mizere ya njerwa, mayi Maliya ali pakhonde atagwira tsaya. Kutsogolo kunali a Gilson, mkulu wa mpingo wa CCAP amenenso anali wapampando wa komiti ya m'deralo, mnzawo wa Che Nasoro pabawo. Kumbuyo kunali nkhope zingapo za kumzikiti zitayang'ana pansi. Njala siifunsa kuti umapemphera tsiku liti.

"Che Nasoro, ife sitinabwerere ndewu ayi," anayamba a Gilson akusisita chipewa. "Kungoti anthu akudandaula. Ndiye tinati mwina tikambirane monga manebala."

"Musazungulire, a Gilson," anawadula mayi Rute. Anaponya mapesi ouma a chimanga pamapazi pa Che Nasoro. "Botolo ilo lichoke. Lero lomwe."

Warda anapita patsogolo n'kupinda maondo mwaulemu. "Amayi, ichi n'choyezera chabe. Sichikoka mvula, sichiikankha. Mvula imabwera mphepo zikakumana, ndiye chaka chino..."

"Iwe, ndinakusambitsa ndine uli khanda, usandiphunzitse za mphepo. Ana anga ndiwaphikira mphepo? Chaka chatha munaika chinthu chimenechi, mvula inadula chimanga chikumasula. Chaka chino mwaonjezera njerwa mu Disembala. Ndiye ife tiziti chiyani?"

Mayi Rute sanali munthu woipa, zimenezo tinene poyera. Anali munthu amene mbewu yake yathera m'nthaka, ndipo chisoni chotere chimafuna nkhope yoti chiloze. Nyanja ya kuseri kwa dziko ilibe nkhope, pamene Che Nasoro anali nayo, yoyandikira bwino.

Che Nasoro anayesa kutula zomwe anaphunzira paphiri, koma mawu aja anali asanakhazikike. Anasakaniza firiji ndi Kongo, anati phiri limachita thukuta, anamaliza n'kunena kuti wolakwa ndi Elinino. Anthu anaseka, ndipo wina anafunsa ngati Elininoyo amakhala ku Chinamwali kuti akamutenge. Kuseka kuli m'kati, bambo wina anayamba kugwedeza timitengo totchinga chitini tija, ndipo kamodzi kanazuka. Che Nasoro anayang'ana Warda. Mtima wawo unawira.

"Siyani zimenezo!" anakuwa. "Mukuti ndamanga mvula kuti njerwa zanga ziume ndiziotche. Si choncho? Chabwino. Amake Warda, tabweretsani pepala lija."

Mayi Maliya anazengereza, koma anatuluka nalo, pepala lalikulu lakuda la pulasitiki lofunditsira njerwa. Che Nasoro analipinda n'kuliika m'manja mwa a Gilson.

"Ili mukasunge kwanu. Njerwa izi sindiziotcha, sindizisuntha, sindizifunditsa ngakhale ndi udzu, mpaka mvula itagwa pa Matawale. Ikabwera iyambire pa ine. Tsopano ndiuzeni, alipo munthu angamange mvula kuti njerwa zake zizingogona pamtetete? Koma botolo la mwana wanga likhala pomwepo. Wofuna kulikhudza ayambe wathana ndi ine."

Anthu anayang'anana. Chinthu chimodzi chabwino ndi anthu a ku Matawale n'chakuti chikole amachimvetsa msanga kuposa sayansi. A Gilson anati mawu amveka, ndipo analonjeza kubweza pepalalo mvula yoyamba ikangogwa. Bambo uja anabwezeretsa kamtengo kaja pamalo pake, n'kukapondera ndi chidendene. Mayi Rute anangoti "Tiona," n'kutola mapesi awo.

Anthu atabalalika mayi Maliya sanabise mawu. "Pakamwa panupa padzatidyetsa dothi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kunena zoona, Che Nasoro anali ndi kachiyembekezo kawo kamseri. Njerwa youma bwino imapirira kamvula kowaza, ndipo zaka zambiri mvula yoyamba imayamba mwaulemu. Ankaganiza kuti idzawaza pang'ono, a Gilson adzabweza pepala, dzina lidzayera, uvuni udzapsa. Masiku anapita. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Anthu ankadutsa dala pakhomopo kusuzumira ngati njerwa zikadali pamtetete, ndipo ena ankanong'ona kuti nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Warda anamva mawu amenewo ndipo anamulasa, koma m'mawa uliwonse ankatsegulabe botolo lake louma.

Lachinayi lina anabwera kuchokera ku Chirunga dzuwa likadali pamutu, nkhope itagwa. Anawapeza bambo ake akukonza chikombole choumbira njerwa pansi pa mango.

"Ababa, ikubwera. Mawa masana. Ndipo si yowaza ayi."

Anafotokoza kuti kusukulu aona zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, mitambo yochindikala ikutsika kuchokera kumpoto, yokuta chigawo chonse. Che Nasoro anakweza mutu. Kumwamba kunali ngwee, koma anazindikira chinthu chomwe thupi lawo linali litamva kale kuyambira m'mawa. Mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumpoto, ndipo thukuta silinkauma pakhungu.

"Pitani kwa a Gilson mukatenge pepala," Warda anachonderera. "Kapena tizitute tiziike pakhonde, zomwe tingathe."

"Ndinalankhula pagulu."

"Ndiye ndikazule botololo. Akaona lachoka akubwezerani pepala lero lomwe. Sukulu ndidzabwereza chaka chamawa, sikuthawa."

Sanadikire yankho. Anatenga khasu lomwe linali pakhoma n'kulunjika pachitini, misozi ili m'masaya. Che Nasoro, ndi miyendo yawo yaifupi ija, anamupeza asanatukule khasulo, n'kugwira mpini.

"Taima, mwanangu. Iwe wa sukulu, tawerengera bwino. Ukalizula lero, mvula n'kugwa mawa, anthu adzati chiyani?"

Warda anayang'ana chitini chija, bambo ake n'kudziyankha okha.

"Adzati mwaona, botolo lachoka, mvula yamasuka. Ndiye udzakhala mfiti mpaka kalekale, iwe ndi sukulu yako yomwe. Nane ndikafunditsa njerwa lero kumwamba kuli mbee chonchi, adzati wadziwa bwanji ngati sanaimasule yekha? Njira ndi imodzi basi. Itipeze mmene tililimu."

"Nanga tidzadya chiyani dzinja lino?"

"Dothi silinathe pa Matawale, manja awa aliponso. Ndidzapita kuganyu, si koyamba. Njerwa ndimaumba chaka chilichonse. Koma uvuni wako watsala pang'ono kupsa, ndipo uvuni sazimitsa pakati."

"Kapena simukukhulupirira kuti ibwera," anatero Warda akupukuta m'maso.

"Ndikukukhulupirira kuposa wailesi."

Anamulanda khasu mofatsa n'kukaliika pakhoma. Anagwirizana kuti asauze munthu aliyense, pakuti nyumba yodziwiratu tsiku la mvula ikanakhala yomwe ija anthu ankaiganizira.

Apa ndiye panali chilango chenicheni. Munthu amene ankatha kuimitsa minibasi kuti auze kondakitala za mwana wake, tsopano anali ndi nkhani yaikulu kuposa zonse, ndipo anayenera kuimeza. Lachisanu anapita kumzikiti atavala mkanjo woyera. Atamaliza swala, anthu akuvala nsapato pakhomo, mkulu wina anadzikupiza ndi kofiya n'kudandaula kuti kwatentha lero, mvula yatiiwala. Anzake anamutsina mwachizolowezi. Che Nasoro anatsegula pakamwa, anatsekanso.

"Eetu," anatero, n'kunyamuka.

Anthu anayang'anana, ndipo wina anafunsa ngati Che Nasoro akudwala.

Pofika kunyumba phiri linali litasowa. Ulendo uno mitambo sinakhale pamwamba pake pokha, inabwera yotambalala kuchokera kumpoto, yakuda bii, ikumeza Chinamwali, tauni, ndi chigwa chomwe. Mphepo inaulutsa mapepala ndi fumbi, nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe, kenako kunagwa bata loopsa. Dontho loyamba linamenya lata ngati mwala. Ana anayamba kukuwa m'misewu, amayi akululutira, ndipo posakhalitsa phokoso la malata linameza mawu onse.

Che Nasoro anakhala pakhonde, mkanjo wa Lachisanu ukadali m'thupi, n'kumaonerera. Poyamba njerwa zinamwa madzi n'kuda, zikuoneka ngati zipirira. Kenako ngodya zake zinayamba kusungunuka. Mzere wa kumunsi unagwa, wotsatira unatsamira n'kukhala pansi, ndipo madzi ofiira anayamba kuyenda pakati pa bwalo kulowera kumsewu. Ntchito ya msana wawo, ya m'mawa uliwonse kuponda dothi mpaka zidendene kung'aluka, inkatuluka pageti iwo akuona. Zinawawa, tisanamizane. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Mayi Maliya, amene sabata yonse sankawalankhula bwino, anatuluka n'kukhala pambali pawo. Warda anaima pazenera atadziphimba kukamwa.

Mvula ili pakati a Gilson anatulukira akuthamanga, pepala lija lili pamutu, atanyowa mpaka m'kati. Anachedwa chifukwa ngalande ya pakati pa nyumba zawo inali itasefukira.

"Yagwa, Che Nasoro, yagwa! Tiyeni tifunditse!"

Atafika pabwalo anaima. Panalibenso chofunditsa. Anayang'ana matopewo, anayang'ana mnzawo, n'kuvula chipewa mvula ikuwamenya padazi. Che Nasoro anawakodola kuti abwere pakhonde asadwale chibayo, ndipo amuna awiriwo anakhala pamenepo mpaka mvula inayamba kuchepa.

M'mawa mwake kunacha kozizira bwino, nthaka ikununkhira, mapiko a ngumbi ali mbwee pakhomo. Phiri linaonekanso, lotsukidwa, timitsinje toyera tikutsika m'matanthwe ake. Msewu unadzaza anthu a makasu paphewa. Aliyense akafika pakhomo pa Che Nasoro ankachepetsa liwiro, kuona bwalo lomwe linasanduka dambo lofiira, ndipo pakati pake chitini chija chili chiimire m'timitengo take. Ambiri ankapitirira atazolika. Ena ankaima chapatali.

Warda anatuluka ndi kagalasi kake, maso atatupa. Che Nasoro anamutsatira opanda nsapato, matope a njerwa zawo akufika m'akakolo. Mtsikanayo anagwada, anatsegula chitini, ndipo botolo linatuluka lolemera. Anathira m'kagalasi, kukweza pamaso, kuwerenga, kutaya, n'kuthiranso.

Ali m'kati mowerenga, mayi Rute anafika pampanda, khasu lili paphewa, kambewu kopempha kwa achemwali awo katamangidwa pansonga ya chitenje. Anayang'ana bwalo lonse, kenako anatsitsa khasu n'kugwada m'matope momwemo.

"Che Nasoro," anatero ndi mawu osweka, "pepani. Ine ndasowa chonena."

Che Nasoro anakweza dzanja osatembenuka. "Dikirani kaye, mayi. Akuwerenga."

Warda anathira madzi otsiriza, anadikira kuti akhazikike, n'kulemba pafoni.

"Mamilimita sikisite-foro," ananena chapansipansi.

Mayi Rute sankadziwa kuti milimita ndi chiyani, koma anaona mmene botolo lija linadzazira. Funso linatuluka movutikira, ngati la munthu wopempha moto kunyumba imene anaitukwana.

"Ndiye mwana wanga, iyiyi ndi yeniyeni? Kambewu kanga ndi komweka. Tibzale?"

"Bzalani, amayi. Yalowa pansi mokwanira, ndipo mphepo yomwe yaibweretsa ikadalipo. Sabata ino igwanso."

Mayi Rute anaomba m'manja mwaulemu, monga amachitira kwa akuluakulu, ndipo anaombera Warda. Che Nasoro anaona zimenezo. Anayang'ana kumsewu, kumene anthu a makasu anali ataima tsopano ambiri ndithu, akutukula makosi kuti amve. Anasuntha m'matope muja n'kumugwira mwana wawo paphewa.

"Nenanso nambala ija, mwanangu," anatero. "Mokweza. A kumsewuwo sanamve."